Ndevu za Nsungwi

Timu ya basiketibolo imene Nsungwi ankasewera inagonja Loweruka masana, ndipo dzuwa la Lolemba lisanakwere tauni yonse inali itadziwa kale chimene chinaigonjetsa. Sanali Chidule, kaputeni wawo, amene tsiku limenelo mpira unkamupulumuka ngati wapaka sopo m'manja. Sanalinso Kochi, amene anangoima m'mbali mwa bwalo manja ali m'thumba ngati akudikira basi. Chinaigonjetsa chinali chibwano cha Nsungwi. Munthuyo anali atameta ndevu.

Nkhani ya ndevuyi inayamba ngati nthabwala. Atawina gemu yoyamba ya ligi, Chidule anati pasapezeke wometa mpaka tsiku limene adzagonje. Anzake anaseka, nagwirizana. Anawinanso, nawinanso, miyezi n'kumapita, ndevu n'kumakula, mpaka nthabwala ija inasanduka lamulo loposa malamulo a woimbira. Bwana, mwini wake wa timu, nayenso anasunga zake, tindevu towerengeka tonga ta mbuzi yodwala. Pageti la bwalo anayamba kugulitsa ndevu za ulusi zokolowekera kumakutu, moti pa tsiku la gemu amuna, akazi ndi makanda omwe ankakhala ndi ndevu. Pa wailesi sankatchulanso dzina la timu. Ankangoti "anyamata a ndevu."

Mkazi wa Nsungwi ankasoka zovala, ndipo anthu ankangomutchula kuti a Telala. Anadziwana ndi mwamuna wakeyo kalekale atabwera ndi buluku loti alitalikitse miyendo, nsalu n'kuperewera. Za mpira sankazitsata kwenikweni. Ankadziwa kuti mwamuna wake ndi wamtali kuposa onse, kuti ntchito yake ndi kuima pansi pa mkombero n'kumatchinga adani ndi kutola mipira imene anzake aphonya, ndiponso kuti maondo ake anali atayamba kulira ngati chitseko chakale. Ankadziwanso kuti nyumba imene ankakhala inali ya timu.

M'nyumbamo ankakhala ndi apongozi ake, amayi a Nsungwi. Pa masiku awo anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu, mayi wosatuluka pakhomo mpango usanasitidwe. Tsopano mutu unali utayamba kutaya zinthu. Unayamba ndi makiyi, kenako mayina, kenako nkhope za anthu. Telala ankawasambitsa, kuwaveka ndi kuwachapira zofunda zimene nthawi zina ankazinyowetsa, koma iwo ankamuthokoza ngati munthu wodutsa: "Zikomo, mayi. Kwanu ndi kuti kodi?" Chakudya ndi mankhwala ankalandira m'manja mwa munthu mmodzi yekha, mwana wawo. Njira ankaidziwa imodzi: kuchoka pabedi, kugwira khoma, kudutsa makina osokera, kukakhala pampando wa pawindo. Dokotala anali atanena kuti asamawasunthire zinthu, pakuti munthu wotere nyumba ndi imene imakumbukira m'malo mwake.

Ndevu zitafika pophimba milomo, nkhope yomaliza ija nayo inatayika. Nsungwi akalowa ndi mbale ya phala, mayiwo ankathawira kuseri kwa chitseko n'kumakoka Telala chovala.

"Mayi inu," ankanong'ona, "muli munthu m'nyumba muno. Mwana wanga akabwera, muona."

"Ndi yemweyo, amayi."

"Wanga alibe tchire kumaso."

Anasiya kudya. Mankhwala ankalavula. Zala zinaonda mpaka mphete inayamba kuvuka yokha, ndipo Telala ankaitola pansi n'kuwabwezera ali m'tulo. Iye sanali munthu wa mapemphero ataliatali. Pemphero lake linali limodzi, lomwe ankalinena akulowetsa ulusi pasingano: "Ambuye, mukuona."

Lachisanu m'mawa, mawa lake kuli gemu, Nsungwi anakhalitsa kubafa. Atatuluka, chibwano chake chinali chotuwa kusiyana ndi masaya, ngati pakhoma pamene achotsapo chithunzi. Mayi ake anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kufupi ndi denga.

"Wabwera liti iwe? Anthu a kuno akundipha ndi njala."

Anadya mbale yonse, napempha ina. Telala analowa kukhitchini kukapukuta maso ndi kansalu kopukutira mbale.

"Kuntchito mukanena chiyani, abambo?" anamufunsa pambuyo pake.

"Ndikanena kuti ndameta."

"Akakufunsani chifukwa?"

"Amayi anga si nkhani ya pa wailesi."

Gemu ya Loweruka inali yolimbana ndi timu ya kumchira kwa ligi, anyamata oonda amene basi yawo inkachita kukankhidwa. Telala anaimvera pa wailesi, mawu atawatsitsa, akusoka diresi la kasitomala. Anamva dzina la mwamuna wake kambirimbiri, akutchinga, akutola, akuponya n'kulowetsa. Anamvanso anzake akuphonya ngati kuti mkombero wasamuka osatsanzika. Belu lomaliza litalira, anali atatsalira ndi pointi imodzi.

Wolengeza masewero, amene anthu ankamutcha Pakamwa, analira ngati wamva kuti amalume ake olemera amwalira osamusiyira kanthu.

"Abale, zatha. Ligi yapita, chikho chapita. Ine sinditchula munthu, koma amene muli ndi maso mwaona chibwano chikung'anima pabwalo pano ngati mbale yotsuka."

Ligi inali isanafike n'pakati pomwe. Timu inali idakali pamwamba, ndipo yachiwiri inkaonekera patali ngati phiri la dziko lina. Koma munthu amene watsimikiza zolira maliro simungamutonthoze pomuuza kuti wodwalayo akupuma.

Lamlungu kutchalitchi, pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, manja ena anadumpha dzanja la Nsungwi, ngakhale dzanjalo linali lovuta kuliphonya. Lolemba mwini diresi uja anabwera kudzayesa chovala chake.

"Paja akazi ena ndevu zimawabaya," anatero akudziyang'ana pagalasi. "Koma mukanapirira pang'ono, anzathu. Tauni yonse tikupirira."

"Likukwanani?"

"M'chiuno mwathina."

Telala anafuna kufunsa ngati nazonso zinali chifukwa cha ndevu za mwamuna wake, koma pakamwa panangotuluka kuti, "Ndimasula."

Tsiku lomwelo Nsungwi anabwerako kumaphunziro nthawi isanakwane, chikwama chake chili chouma, chosanunkha thukuta. Anakhala pampando nawongola maondo mmodzimmodzi.

"Bwana akuti ndikhale kunyumba mpaka zimere. Zikamera ndikapepese pa wailesi. Ndikakana, ang'amba kontirakiti."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba imatsata kontirakiti."

"Anzanu anati chiyani?"

"Ankamanga zingwe za nsapato."

"Onse?"

"Ena anamanga kawiri."

Amati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Koma amuna awa ndevu anali nazo zofika pachifuwa, ndipo aliyense anali kalikiliki kuteteza zake.

M'mawa mwake Telala anamva lezala likukwecha kubafa. Anaima pakhomo pa bafapo manja atapinda.

"Ingowauzani zoona, abambo. Ndi anthu. Nawonso anabadwa kwa amayi."

"Bwana sindinamuonepo mchombo."

"Sindikuseka ine. Pa msinkhu wanuwu, ndi maondo amenewa, ikutengani timu iti? Ndipo tikawasamutsa amayiwa mukudziwa chimene chichitike."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

Nsungwi anatsuka lezala, naliika pamwamba pa kabati pamene mayi ake sakanafikira.

"Amayi anaphunzitsa theka la anthu amene amakhala m'bwalo muja. Aziwakumbukira ali ndi choko m'manja."

Telala anayang'ana khoma limene apongozi ake ankagwira poyenda. Panali mzere wa thukuta la zala kuyambira kuchipinda mpaka pawindo, ndipo iye anali atasiya dala kuupukuta. Mzere umenewo sakanatha kuunyamula n'kupita nawo kunyumba ina.

Lachitatu ananena kuti akupita kukagula ulusi, ndipo anagulanso ulusiwo kuti lisakhale bodza. Kenako anakhotera ku ofesi ya timu, imene inali pamwamba pa shopu ya Bwana yogulitsa matayala. Makatani anali otseka ngati pa siwa. Mtsikana wolandira alendo anali atavala ndevu za ulusi, ndipo Telala atamuyang'ana, mtsikanayo anagwetsa nkhope.

"Atilamula, mayi. Mpaka tidzawinenso. Zimayabwa."

Bwana anali pampando wozungulira, mimba itagunda tebulo. Kochi, bambo wadazi wa ndevu za imvi, anaima chapawindo ngati mwana wodikira chilango.

"Mwabwera kudzapepesa m'malo mwa chimphona chanu chija?"

"Ndabwera kudzafunsa, Bwana. Ndamva kuti mwagonja kamodzi."

"Kamodzi." Bwana anatembenukira kwa Kochi. "Wamva? Akuti kamodzi. Mayi, munthu amafa kangati?"

"Kodi timu yafa?"

"Mbiri yafa. Ine ndimafuna chaka chopanda banga. Ndinasindikizitsa kale malaya olembedwa kuti OSAGONJA, adzaza chipinda icho mpaka kudenga. Ndiveke ndani? Agalu?"

"Tikadali pamwamba, Bwana," anatero Kochi motsitsa mawu. "Ngakhale titagonjanso kawiri katatu..."

"Iwe, ndakufunsa?"

Kochi anabwerera kukayang'ana nsapato zake. Zikuoneka kuti m'timu imeneyi nsapato zinkayang'anidwa kwambiri kuposa mkombero.

Pamenepo Telala anaulula. Mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuphwasula msoko umene anausoka yekha. Ananena za mutu wa apongozi ake, za kuseri kwa chitseko, za mphete yovuka, za mbale ya phala. Za zofunda sananene. Atatha, anadikira chimodzi mwa ziwiri, ukali kapena chifundo. Chimene anaona sichinali chilichonse mwa izo. Maso a Bwana anawala ngati a fisi amene wamva mbuzi yothyoka mwendo ikulira kuseri kwa khola.

"Nanga chitsiru chimenechi chimabisiranji golide wotere?" Anaimirira nayamba kujambula m'mwamba ndi manja. "Tamverani. Loweruka likubwerali, gemu isanayambe, tizimitsa magetsi onse. Nyali imodzi yokha pakati pa bwalo. Gogo akulowa pa njinga ya olumala, atavala malaya a timu. Nsungwi akugwada. Gogo akumusisita chibwano. Pakamwa akufotokoza zonse pa maikolofoni. Bwalo lonse misozi chuchuchu. Ine ndikutuluka, ndikumukhululukira. Kochi, ukuona? Kugonja kuja kwasanduka nkhani yachikondi. A fakitale ya malezala abwera okha kudzatigwadira."

"Amayenda okha, Bwana. Njinga safunika."

"Pa njinga zimagwira mtima."

"Amaopa ndevu. M'bwalo muja aliyense amakhala ndi ndevu."

"Ndiye kukoma kwakeko. Anthu aone ndi maso kuti si zopeka." Anakhala pansi n'kuyamba kusisita tindevu take. "Akabwera, Nsungwi abwerera m'timu ndipo nyumba ndi yanu. Akapanda kubwera, makiyi ndiwafuna kumapeto kwa mwezi. Ndine munthu wachifundo, mayi, koma chifundo chimafuna kuthandizidwa."

Kochi anamuperekeza pamasitepe. Atafika pansi, pakati pa milu ya matayala, anakanda dazi lake.

"Bambo anga nawonso anathera momwemo. Ankanditcha alamu."

"Bwanji simunanene m'katimo?"

"Ndili ndi ana, mayi." Anayang'ana kumtunda kwa masitepe. "Muziwaimbira nyimbo zakale powasambitsa. Zimathandiza."

Kunyumba anapeza Nsungwi atagwada pawindo, akuwenga zikhadabo za mayi ake. Ngakhale atagwada anali wotalika kuposa mpando. Telala anaika ulusi pa makina namuuza zonse ali chiimire. Mwamunayo sanakweze mawu. Anamaliza chala chimene anali nacho, nachiuzira mpweya, natenga china.

"Inu ndi amene mumachapa zofunda," anatero. "Ndi amene mumadzuka akadzuka. Ine ndimangodyetsa n'kupita kukathamangitsa mpira. Mukati tipite nawo, tipita. Sindidzakunenani."

Telala akanakonda kuti amukalipire. Kukalipiridwa kumatha, koma katundu uyu anamusenza tsiku lonse la Lachinayi ndi Lachisanu, akusoka misoko yokhota n'kumaiphwasula. Ankadziuza kuti ndi kanthawi kochepa chabe, kuti apongozi ake adzaiwala asanafike n'kunyumba komwe, kuti khoma ndi windo n'zofunika kuposa ulemu umene mwini wake sakuudziwanso. Akafuna kunena pemphero lake lija, ulusi unkakana kulowa pasingano.

Loweruka m'mawa anawasambitsa akuimba nyimbo ya ana a sukulu, ndipo mayiwo anavomera mawu onse osaphonya, n'kumukonzanso pamene analakwitsa. Anawaveka siketi yabwino ndi malaya a timu amene Bwana anatumiza, nawasitira mpango. Anawakhazika pampando wa pawindo. Nsungwi anavala yunifolomu yake nakhala phee pakhomo pa khitchini.

Galimoto inaima panja. Analowa osagogoda ngati eni nyumba, pakuti analidi eni nyumba. Patsogolo panali Bwana, pambuyo pake wojambula wa ndevu zakuda bii, kamera ili paphewa, dzanja lina likukankha njinga ya olumala yomangidwa maliboni.

"Ali kuti gogo wathu wa timu?" anatero Bwana atatambasula manja.

Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono. Maso anachoka pa ndevu izi n'kupita pa ndevu izo. Dzanja linafufuza khoma n'kulipeza, koma njira yobwerera kuchipinda inali itatsekedwa ndi njinga ija. Anaima pomwepo. Kenako Telala anamva kadontho pa simenti, ndipo anaona madzi akutsika m'mwendo mpaka m'nsapato.

Mayiwo anayang'ana pansi. Kwa kanthawi kochepa mphunzitsi wamkulu uja anabwerera m'maso mwawo, nadziwa bwinobwino chimene chachitika ndi amene akuona.

"Mayi inu," ananong'ona, "ndibiseni."

"Jambula," Bwana anauza wojambula chapansipansi. "Yandikira. Izi ndiye zenizeni."

Telala anatsomphola nsalu ya kasitomala imene inali pa makina, nawakulunga nayo m'chiuno, naima kutsogolo kwawo. Nsungwi anayenda mapazi awiri naika chikhatho chake pa diso la kamera. Sanakankhe munthu. Chikhathocho chinangophimba kamera yonse ngati chivundikiro cha poto.

"Bwana, tulukani," anatero Telala.

"Mukundithamangitsa m'nyumba mwanga?"

"Mpaka kumapeto kwa mwezi ndi mwathu. Makiyi mudzawapeza pansi pa chopondera cha pakhomo. Mutenge ndi njinga yanuyo."

"Mayi, mukudziwa chimene mukutaya? Anthu adzaza kale kubwalo. Ndalengeza pa wailesi kuti kuli zodabwitsa. Ndikawauza chiyani?"

"Samalani nsapato, Bwana. Mupondapo."

Bwana anayang'ana pansi nadumphira m'mbuyo, mimba n'kugwedera. Kudumpha kumeneko kunali kwabwino kuposa kwa anyamata ake ena sabata yathayo. Anatuluka akulalata za anthu osayamika, za njoka zimene munthu umaziweta wekha. Wojambula anatsalira pakhomo akulimbana ndi njinga. Anayang'ana kunja kuona ngati Bwana wafika kugalimoto.

"Palibe chajambulika, mayi," anatero. "Batire linatha." Kanyali kofiira ka pa kamera kanali kakuyakabe. Anadina apa ndi apo kwa kanthawi, nawaonetsa galasi la kamera lopanda kanthu, natuluka.

Telala anawasambitsanso apongozi ake, nakolopa pansi, nachapa nsalu ya kasitomala kawiri. Nsungwi anavula yunifolomu naipinda bwinobwino. Palibe ananena kanthu za m'mawa umenewo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Masana ake timu inawina popanda Nsungwi, ndipo Pakamwa anati umboni ndi umenewo, minga yazulidwa. Zodabwitsa zimene zinalonjezedwa zija zinasanduka Bwana akuponyera anthu masiwiti.

Tsiku losamuka kunabwera galimoto yotsegula kumbuyo imene sanaiitane. Woyendetsa anali Kochi, pambali pake Chidule. Anaimika kuseri kwa nyumba, kumene munthu wodutsa pamsewu sakanaiona. Asanalowe, onse awiri anadzimanga mataulo kumaso kuyambira pamphuno mpaka pakhosi, ndevu zonse n'kubisika. Kumeta sanamete. Kulankhula ndi Bwana sanalankhule. Koma bedi ananyamula.

"Mwadwala mano nonse awiri?" anafunsa mayi aja.

"Eya, amayi," anayankha Chidule m'kati mwa taulo.

"Ndi shuga ameneyo. Ana a masiku ano simumva."

Chidule anagunda phewa la Nsungwi pamene ankatsitsa kabati. Anachita kunyanyamphira kuti alifikire.

"Akulu, tsiku lija mpira ndinataya ndine."

"Ndinaona."

"Mukadanena."

"Gwira bwino uko, ungaswe galasi."

Nyumba yatsopano inali yazipinda ziwiri, kuseri kwa malo okonzera njinga zamoto. Kochi anaumirira kuti bedi, makina ndi mpando aziike monga zinalili kwakale, ndipo anayesa mipata ndi mapazi ake. Zinathandiza pang'ono chabe. Windo linali mbali ina, ndipo khoma linalibe mzere wa zala. Masabata oyamba mayiwo ankasochera pakati pa bedi ndi chitseko. Tsiku lina anagwa n'kutupa chigongono, ndipo masana ambiri ankamanga kamtolo ka zovala n'kupempha Telala kuti awaperekeze kwawo. Telala ankawagwira mkono n'kuzungulira nawo nyumba, n'kulowanso pakhomo lomwelo. "Tafika, amayi." Nthawi zina ankavomera, nthawi zina ayi. Palibe timu imene inaimba foni. Nsungwi anapeza ntchito yophunzitsa mpira pa sukulu ina, ndipo Kochi sanavomere kuti ndiye anakamutchula dzina kusukuluko.

Anyamata a ndevu anagonjanso, ndevu zili zofika pamchombo. Ulendo uno anachotsa dalaivala wa basi chifukwa anadzera msewu wina. Atagonja kachitatu anachotsa mayi wokolopa bwalo chifukwa anayambira kumanzere. Ligi itatha, timu inali pamwamba monga inalili chiyambire, ndipo chikho anatenga. Pakamwa anafotokoza mbiri ya chaka chonse pa wailesi, gemu ndi gemu, koma ya Loweruka lija anaidumpha, osati mwadala ayi, anali atangoiiwala. Malaya olembedwa kuti OSAGONJA ankavala anyamata opopa matayala ku shopu ya Bwana, ndipo akang'ambika ankapukutira girisi.

M'mawa wotsatira tsiku la chikho, malipenga a magalimoto akumvekabe kumsewu, lezala linakwecha kubafa monga mwa masiku onse. Telala anali pa makina. Pakhoma, kuchokera kuchipinda kukafika pawindo latsopano, panali patayamba kuoneka kamzere kotuwa, kosaoneka bwino kwa munthu wosadziwa. Nsungwi anabwera ndi mbale ya phala nagwada pambali pa mpando.

Mayi ake anamugwira chibwano, nachitembenuza uku ndi uku monga ankachitira poyendera ana pa mzere wa m'mawa.

"Kuli phokoso lanji kunjaku?"

"Ndi za mpira, amayi."

"Paja iwe umasewera. Munawina?"

"Tinagonja."

"Kangati?"

"Kamodzi."

Mayiwo anadikira kuti apitirize. Ataona kuti nkhani yathera pomwepo, anayang'ana Telala ngati akufunsa ngati mwanayu ali bwinobwino m'mutu, kenako anayang'ana mbale.

"Supuni ili kuti? Likuzizira ili."

Telala ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, naukweza chakuwindo. "Ambuye, mukuona," anatero chamumtima, ndipo ulusi unalowa.